Levy Mwanawasa: loya amene anasiya udindo, nadzabwerera kudzalamulira Zambia

Famu ya ku Palabana

Mukatuluka mumzinda wa Lusaka kudzera msewu wa Leopards Hill, n'kulowera cha kum'mawa m'boma la Chongwe, mumafika ku Palabana. Ndi dera la minda ndi ng'ombe, ndipo ambiri amalidziwa chifukwa cha sukulu ya boma yophunzitsa ulimi wa ng'ombe za mkaka. Eni nthaka kuno ndi Asoli, pansi pa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Kuderali n'kumene a Levy Patrick Mwanawasa, pulezidenti wachitatu wa Zambia, anali ndi famu yawo. Atamwalira mu Ogasiti 2008, uthenga woyamba unali wakuti akaikidwa pa famupo. Kenako boma ndi akubanja anagwirizana kuti akagone ku Embassy Park, pakati pa mzinda wa Lusaka, ndipo iwo ndiwo anakhala mtsogoleri woyamba kuikidwa pamalopo.

Anthu amawakumbukira monga pulezidenti, koma zaka zambiri za moyo wawo anathera m'makhoti. Kuti timvetse zimene anachita ali m'boma, zabwino ndi zoperewera zomwe, tiyenera kuwaona kaye ali loya. Funso limene moyo wawo umatipatsa ndi ili: munthu amene wazolowera kuuza woweruza kuti boma lalakwa, amatani tsiku limene iye mwini wasanduka bomalo?

Mwana wa ku migodi

Anabadwira ku Mufulira, kuchigawo cha migodi ya mkuwa, pa 3 Seputembala 1948, ndipo anali wachiwiri m'banja la ana khumi. Mtundu wawo ndi Alenje. Sekondale anaphunzira ku Chiwala, pafupi ndi Ndola, ndipo digiri ya zamalamulo anaitenga ku University of Zambia mu 1973. Anagwirako ntchito m'makampani a maloya ena mpaka mu 1978, pamene anatsegula yawoyawo, Mwanawasa and Company, ku Ndola. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anali wachiwiri kwa wapampando wa bungwe la maloya la Law Association of Zambia.

Mu 1985 boma la a Kenneth Kaunda linawapatsa udindo wa Solicitor General, amene ndi loya wa boma wotsatira kwa Attorney General. Sanakhalitsepo. Pofika 1986 anali atabwerera ku kampani yawo.

Kuimira munthu amene boma likufuna kumunyonga

Dzina lawo linamveka dziko lonse chifukwa cha mlandu wa a Christon Tembo. Awa anali mkulu wa asilikali wakale, ndipo anamangidwa mu 1988 powaganizira kuti akukonza chiwembu cholanda boma. Mlandu woukira boma chilango chake chinali imfa. Mu 1989 a Mwanawasa anatsogolera maloya oimira a Tembo.

Achinyamata a lero mwina sangaone kulemera kwa chinthu chimenechi. Nthawi imeneyo Zambia inali dziko la chipani chimodzi cha UNIP kuyambira mu Disembala 1972, ndipo malamulo a nthawi ya chipwirikiti ankalola pulezidenti kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu. Loya woimira woganiziridwa kuukira boma ankadziwa kuti akazitape akumulondalonda, ntchito za makampani a boma zikhoza kumuthawa, ndipo anzake ena ayamba kumuzemba. Loya mnzawo wotchuka, a Edward Shamwana, anali m'ndende nthawi yomweyo chifukwa cha chiwembu chofuna kulanda boma cha 1980. Kutsidya kuno ku Malawi, a Orton Chirwa, loya amene anali nduna ya zachilungamo dziko litangolandira ufulu, anali m'ndende ya Zomba atagwidwa mu Disembala 1981 ndi kuweruzidwa kuti aphedwe mu 1983. Anafera m'ndendemo mu Okutobala 1992. Umu ndi mmene zinalili kwa loya wolimbana ndi boma m'chigawo chathu chino.

A Tembo anatuluka mu 1990, pamene a Kaunda anakhululukira akaidi a ndale. Chaka chomwecho ziwawa za kukwera mtengo kwa ufa zinagwedeza Lusaka, gulu la Movement for Multi-Party Democracy (MMD) linabadwa pa msonkhano wa ku Garden House Hotel mu Julayi, ndipo mu Disembala lamulo la chipani chimodzi linachotsedwa. A Mwanawasa analowa m'gululi monga mmodzi wa akatswiri ake a zamalamulo. Pa msonkhano waukulu wa MMD kumayambiriro kwa 1991 anasankhidwa kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa chipanicho, a Frederick Chiluba.

Kodi loya akalowa m'boma chimasintha n'chiyani?

Apa mpofunika kufotokoza pang'ono, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Loya amakhala ndi munthu mmodzi amene akumuimira, ndipo pamwamba pa onse awiri pali khoti. Akaona kuti womulemba ntchitoyo akufuna kumunamizitsa, ali ndi ufulu wosiya mlanduwo. Akagonja amachita apilo. Chilichonse chimene anena chimafuna umboni, ndipo mbali inayo imapatsidwa mpata woyankha.

Nduna ili pena. Ku Zambia, nduna zimasankhidwa pakati pa aphungu a Nyumba ya Malamulo, kaya ovoteredwa kaya amene pulezidenti wawalowetsa yekha m'Nyumbamo, omwe panthawiyo sankapitirira asanu ndi atatu. Zimene nduna zagwirizana pamsonkhano wawo, aliyense ayenera kuziteteza pagulu ngakhale anazikana m'chipindamo. Wozilemba ntchito ndi pulezidenti, ndipo akhoza kuzichotsa m'mawa uliwonse popanda kupereka chifukwa. Choncho loya amene wakhala nduna amatsala ndi njira ziwiri akaona zoipa: kukhala chete n'kusunga mpando, kapena kutula pansi udindo.

Boma loyamba la MMD linali ndi maloya angapo amene anakumana ndi mayeso amenewa. A Rodger Chongwe, a kuchigawo cha Kum'mawa, anali nduna ya zamalamulo mu 1991, anadzasemphana ndi a Chiluba, ndipo mu Ogasiti 1997 anawomberedwa ndi kuvulazidwa ku Kabwe ali limodzi ndi a Kaunda pamsonkhano wa zipani zotsutsa. A Mwanawasa nawo anafika pa mphambano yomweyo, ngakhale kuti njira yawo inayamba ndi tsoka lina.

Ngozi ya pa 8 Disembala 1991

MMD inapambana chisankho cha pa 31 Okutobala 1991. A Mwanawasa anakhala phungu wa Chifubu ku Ndola, ndiponso wachiwiri kwa pulezidenti. Patangotha milungu isanu, pa 8 Disembala, galimoto yawo inachita ngozi yoopsa mumzinda wa Lusaka. Wothandizira wawo anafera pomwepo. Iwo anavulala kwambiri, natengeredwa ku Johannesburg kumene anagonekedwa miyezi itatu.

Anachira, koma kalankhulidwe kawo sikanabwerere mwakale. Mawu ankatuluka mokoka, nthawi zina lilime linkapunthwa. Adani awo pa ndale anagwira pamenepo n'kuwapatsa dzina lachipongwe lakuti kabichi, kutanthauza kuti mutu wawo sukugwiranso ntchito. Ndikuona kuti ichi n'chimodzi mwa zinthu zochititsa manyazi m'ndale za nthawi imeneyo, chifukwa kunali kuseka bala la munthu. Zaka zotsatira zinaonetsa kuti nzeru zawo zinali zonse.

Kutula pansi udindo mu 1994

Mu Julayi 1994 anasiya udindo wa wachiwiri kwa pulezidenti. Anafotokoza kuti akunyozeredwa m'boma, kuti ulemu wawo ukudetsedwa, ndiponso kuti katangale wa nduna zina akungolekereredwa. Mmodzi mwa amene ankakangana nawo kwambiri anali a Michael Sata, omwe panthawiyo anali nduna ya zaumoyo.

M'maiko athu, anthu osiya okha mpando waukulu chotere ndi owerengeka. Ambiri amadikira kuchotsedwa, kenako n'kuyamba kuulula zoipa zimene dzulo lake ankaziteteza. A Mwanawasa anachita zimene loya amachita akaona kuti mlandu wayamba kununkha: anabweza mafailo n'kutuluka. Anayesako kupikisana ndi a Chiluba pa utsogoleri wa chipani, anagonja kutali, nabwerera ku ntchito yawo ya uloya. Zaka zimene boma linkagulitsa migodi yake, zaka zimene lamulo linasinthidwa mu 1996 kuti a Kaunda asapikisane nawo chifukwa makolo awo anachokera ku Malawi, iwo anali kunja. Kukhala kunjako n'kumene kunadzawapatsa mtengo mu 2001.

Anawatola poganiza kuti ngosavuta

A Chiluba anafuna kusintha malamulo kuti alamulire kachitatu. Mipingo, mabungwe a amayi ndi bungwe la maloya anagwirizana mu 2001 pansi pa dzina la Oasis Forum n'kukana. Nduna zambiri zinagalukira, kuphatikizapo a Christon Tembo omwe panthawiyi anali wachiwiri kwa pulezidenti. Mu Meyi a Chiluba anagonja. Mu Ogasiti akuluakulu a MMD anasankha a Mwanawasa kuti aimire chipanicho, ndipo a Sata, amene ankayembekeza kuti mpandowo ndi wawo, anatuluka n'kukayambitsa Patriotic Front.

Ambiri ankakhulupirira kuti a Chiluba asankha munthu amene adzamuyendetse ali kumbuyo. Owerenga a ku Malawi akudziwa nkhani yofanana nayo: a Bakili Muluzi atalephera kupeza teremu yachitatu anabweretsa a Bingu wa Mutharika mu 2004, ndipo chisanathe chaka awiriwo anali atadana.

Chisankho chinachitika pa 27 Disembala 2001, opikisana anali khumi ndi mmodzi. A Mwanawasa anapeza mavoti pafupifupi 29 pa 100 alionse, a Anderson Mazoka a chipani cha UPND pafupifupi 27. Malamulo a nthawiyo sankafuna kuti wopambana apitirire theka. Oyang'anira chisankho a m'dziko ndi akunja anadandaula za zolakwika zambiri ndiponso kugwiritsa ntchito chuma cha boma pokopa anthu. Analumbira pa 2 Januwale 2002. Opikisana nawo atatu, a Mazoka, a Godfrey Miyanda ndi a Tembo, amene kale a Mwanawasa anawaimira kukhoti, anakasuma ku Khoti Lalikulu la Apilo. Mlanduwo unatha zaka zitatu, ndipo mu Febuluwale 2005 oweruza anavomereza kuti zolakwika zinalipo koma anati sizinali zokwanira kugwetsa zotsatira. Tisabise: munthu amene ankalalikira za boma la malamulo osati la anthu analowa pakhomo lokayikitsa, ndipo anthu 7 mwa 10 alionse sanawavotere.

Kuchotsa chitetezo cha a Chiluba

Pa 11 Julayi 2002 a Mwanawasa anaima m'Nyumba ya Malamulo n'kuyala milandu ya amene anawasiyira mpando. Analankhula monga loya wotsegulira mlandu, kutchula ndalama, maakaunti ndi mayina. Pa 16 Julayi aphungu anavota kuchotsa chitetezo cha a Chiluba.

Chitetezochi chimagwira ntchito motere. Pulezidenti ali pampando sangazengedwe mlandu. Akachoka, sangazengedwebe pa zimene anachita ali paudindo pokhapokha Nyumba ya Malamulo itavomereza. Lamuloli linalipo kale, koma panalibe amene analigwiritsapo ntchito mwa njira imeneyi. A Chiluba anakatsutsa kukhoti, anagonja, ndipo anamangidwa mu Febuluwale 2003.

Boma linakhazikitsa gulu lapadera lotchedwa Task Force on Corruption, losonkhanitsa apolisi, ofufuza za katangale ndi ofufuza za mankhwala osokoneza bongo, motsogozedwa ndi a Mark Chona. Woimira boma wodziwika kwambiri pamilanduyi anali loya Mutembo Nchito. Pakatikati pa nkhani yonse panali akaunti yotchedwa Zamtrop, ya nthambi ya akazitape, imene inali ku London ku nthambi ya Zambia National Commercial Bank. Popeza ndalama za akazitape siziwerengedwa poyera, akauntiyi inasanduka mpita wotulutsira chuma cha boma. Mkulu wa akazitape wa nthawi ya a Chiluba, a Xavier Chungu, anathawa m'dziko milandu ili mkati.

Panali milandu ya mitundu iwiri, ndipo anthu amaisokoneza. Ku Lusaka kunali mlandu wakuba, umene ukanatha ndi ndende, ndipo umafuna umboni wosasiya chikayiko chilichonse. Ku London boma la Zambia linasuma mlandu wofuna kubwezeredwa ndalama, chifukwa ndalamazo zinadutsa m'maakaunti a kumeneko. Pa 4 Meyi 2007 woweruza Peter Smith wa ku High Court ya London anagamula kuti a Chiluba ndi anzawo anabera dziko ndalama zokwana pafupifupi madola 46 miliyoni. Chimene chinakhala pakamwa pa anthu ndi umboni wa masuti, malaya ndi nsapato zogulidwa ku sitolo ya Basile ku Geneva, pa ndalama zoposa madola theka la miliyoni, m'dziko limene anthu ambiri ankalephera kupeza dola imodzi patsiku. A Chiluba anakana kuzindikira khotilo, nati azungu akufuna kuweruza Zambia ngati nthawi ya atsamunda.

Akuluakulu ena anapezekadi olakwa n'kulowa m'ndende, kuphatikizapo a Richard Sakala, amene anali mneneri wa a Chiluba, ndiponso akuluakulu ena a asilikali. Munthu wamba anaona kuti bwana wa ku State House akhoza kukhala pabenchi la oimbidwa mlandu.

Pamene lamulo linafika pakhomo pawo

Kuzenga mlandu mdani sikovuta kwenikweni. Loya amene ali m'boma amayesedwa pamene lamulo lakhudza iye mwini, anzake, kapena mphamvu zake. Apa mbiri ya a Mwanawasa ili ndi mbali ziwiri, ndipo zonse ziyenera kunenedwa.

Choyamba ndi nkhani ya a George Kunda. Awa anali loya wa ku migodi amene anatsogolerapo bungwe la maloya. A Mwanawasa anawalowetsa m'Nyumba ya Malamulo mu 2002 n'kuwapatsa maudindo awiri nthawi imodzi: nduna ya zamalamulo ndiponso Attorney General. Ambiri anadandaula, ndipo anali ndi mfundo. Attorney General ayenera kulangiza boma mosaopa, ngakhale kuliuza kuti ayi. Nduna ndi wandale womangidwa ndi zogwirizana za anzake. Munthu mmodzi akavala zipewa zonse ziwiri, amadzilangiza yekha. Maudindowa anadzalekanitsidwa mu 2006.

Kuopsa kwake kunaoneka mu 2005 pa mlandu wa a Kashiwa Bulaya, amene anali mlembi wamkulu mu unduna wa zaumoyo. Mlandu wawo wa katangale unaimitsidwa mwadzidzidzi ndi boma. Nyuzipepala ya The Post, maloya ndi mabungwe anakuwa kwambiri, akuloza chala a Kunda. Boma linabwerera m'mbuyo, mlandu unayambiranso, ndipo mu 2007 a Bulaya anapatsidwa zaka zisanu. Mlanduwo unabwerera chifukwa anthu anakana kukhala chete, osati chifukwa boma linadzidzudzula lokha.

Chachiwiri ndi atolankhani. Lamulo loletsa kunyoza pulezidenti linagwiritsidwa ntchito pomanga mkonzi wa The Post, a Fred M'membe. Mu Januwale 2004 boma linalamula kuti a Roy Clarke, mlembi wa nkhani zoseketsa wochokera ku Britain amene anakhala m'Zambia zaka zambiri, athamangitsidwe chifukwa cha nkhani yofanizira atsogoleri ndi nyama zakutchire. Khoti linakana lamulo lothamangitsalo, ndipo a Clarke anakhalabe. Kulamulako kunali kulakwa. Koma boma linamvera khoti, ndipo m'maiko oyandikana nawo si kawirikawiri zimenezi zinkachitika.

Chachitatu, chimene ine ndimachiona chachikulu koposa, ndi malamulo aakulu a dziko. Mu 2003 anakhazikitsa komiti ya a Wila Mung'omba kuti imve maganizo a anthu. Lipoti lake linatuluka kumapeto kwa 2005. Anthu anapempha kuti pulezidenti azipambana ndi mavoti opitirira theka, ndiponso kuti malamulo atsopano avomerezedwe ndi msonkhano wa nthumwi za anthu, osati andale okha. A Mwanawasa anazengereza, akunena za ndalama ndi za ndondomeko zimene lamulo limafuna. Chisankho cha 2006 chinachitika ndi malamulo akale omwewo. Mu 2007 anakhazikitsa National Constitutional Conference, imene mipingo ikuluikulu ndi mabungwe ena anainyanyala, ndipo zimene inalemba zinagwa m'Nyumba ya Malamulo mu 2011. Lamulo la mavoti opitirira theka linadzabwera mu Januwale 2016. Luso la uloya limatha kutsegula njira, limathanso kupeza zifukwa zomveka bwino zochedwetsera chinthu, ndipo pankhaniyi linagwira ntchito yachiwiriyo.

Panalinso kulowetsa aphungu a zipani zotsutsa m'boma mu 2003, pamene MMD inalibe aphungu okwanira. A Dipak Patel anakhala nduna ya zamalonda, ndipo phungu wa Chongwe, mayi Sylvia Masebo, anakhala nduna ya maboma ang'ono. Ena anati uku n'kumanga dziko pamodzi, ena anati n'kufooketsa otsutsa. Chaka chomwecho aphungu anayesa kuchotsa a Mwanawasa paudindo koma mavoti sanakwane.

Pali chimodzi chimene sanagwedezekepo. Anakana kusaina chikalata chilichonse chonyongera munthu. Mu 2004 anasintha chilango cha imfa cha asilikali 44 a chiwembu chofuna kulanda boma cha 1997, ndipo mu 2007 anachitanso chimodzimodzi kwa akaidi ena 97. Munthu amene anaimapo pambali pa woimbidwa mlandu wa imfa amadziwa mmene umboni umapotokera. Zambia inadzathetsa chilango cha imfa mu Disembala 2022.

Chimanga, ngongole ndi mkuwa

Chaka chawo choyamba chinali cha njala. Mu 2002 anthu oposa 2 miliyoni ankafuna thandizo la chakudya, koma a Mwanawasa anakana chimanga cha thandizo chochokera ku America chosinthidwa chibadwa chake ndi asayansi, poopa thanzi la anthu ndi kuipitsa mbewu za m'dziko. Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe analandira chimangacho chikakhala chogayidwa. Zambia inakana ngakhale ufa wake, ndipo mkangano wa ngati anachita bwino sunathe mpaka lero. Chaka chomwecho boma linayambitsa ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo kwa alimi ang'onoang'ono, imene alimi a ku Chongwe akuidziwa bwino, ndipo linachotsa fizi ku pulayimale.

Mu Epulo 2005 Zambia inakwaniritsa zofunika kuti ikhululukiridwe ngongole, a Ng'andu Magande ali nduna ya zachuma. Ngongole yakunja inatsika kuchoka pa madola pafupifupi 7 biliyoni kufika pochepera biliyoni imodzi mu 2006, ndipo chaka chomwecho kukwera mitengo kwa zinthu kunatsika pansi pa 10 pa 100 koyamba patapita zaka pafupifupi makumi atatu. Mtengo wa mkuwa unakwera pamsika wa dziko lonse, ndipo pamenepo panali mwayi osati nzeru za boma zokha. Mu 2008 anakweza msonkho wa migodi kuchoka pa 0.6 kufika pa 3 pa 100, nawonjezera msonkho wa phindu lopitirira muyeso. Komabe umphawi m'midzi sunasunthe kwenikweni, ndipo mu Januwale 2005 iwo eni anapepesa kwa mtundu wonse kuti alephera kuuthetsa.

Anapambananso pa 28 Seputembala 2006 ndi mavoti 43 pa 100, a Sata 29, a Hakainde Hichilema a UPND 25. Mizinda ya Lusaka ndi ku migodi inavotera a Sata. Posankha a Rupiah Banda kukhala wachiwiri wawo, anathokoza chigawo cha Kum'mawa chimene chinawavotera.

Zimbabwe, ndi ulendo wa ku Egypt

Atsogoleri a kum'mwera kwa Africa anali ndi chizolowezi chosadzudzulana poyera. A Mwanawasa anachiswa. Mu Malichi 2007, ali ku Namibia, anayerekeza Zimbabwe ndi sitima ya Titanic imene ikumira anthu ake akudumphira m'madzi. Atakhala wapampando wa bungwe la maiko a m'chigawochi la SADC mu Ogasiti 2007, anaitanitsa msonkhano wadzidzidzi ku Lusaka mu Epulo 2008 pamene zotsatira za chisankho cha Zimbabwe zinkabisidwa. A Robert Mugabe sanabwere. Mu Juni ananena poyera kuti chisankho chachibwereza chiimitsidwe chifukwa cha nkhanza.

Anali atadwalapo sitiroko mu Epulo 2006. Pa 29 Juni 2008, ali ku Sharm el-Sheikh kukakhala nawo pamsonkhano wa African Union umene ukanakambirana za Zimbabwe, inawagwiranso. Anawatengera ku chipatala cha asilikali cha Percy pafupi ndi Paris, ndipo anamwalira pa 19 Ogasiti 2008 ali ndi zaka 59. Mwezi wa Meyi chaka chomwecho anali atayanjana ndi a Sata, pambuyo poti boma lawatumiza kuchipatala ku South Africa atadwala mtima. Thupi lawo linazungulira zigawo zonse zisanu ndi zinayi za nthawiyo, ndipo anaikidwa pa 3 Seputembala, tsiku limene akanakwanitsa zaka 60.

Zimene zinatsala iwo atapita

Dzina lawo lili pa mlatho wa ku Chembe pamtsinje wa Luapula, pa bwalo la mpira ku Ndola, ndi pa chipatala chachikulu chimene chili m'mbali mwa msewu wa Great East ku Lusaka. Koma ntchito imene ankadziwika nayo kwambiri sinakhalitse.

A Rupiah Banda atapambana chisankho cha pa 30 Okutobala 2008, anasankha a George Kunda kukhala wachiwiri wawo ndiponso nduna ya zachilungamo. Pa 17 Ogasiti 2009 khoti la majisitireti ku Lusaka linapeza a Chiluba osalakwa pa mlandu wakuba pafupifupi madola theka la miliyoni, ngakhale kuti anzawo awiri amene ankazengedwa nawo anapezeka olakwa. Mkulu wa Task Force panthawiyo, a Max Nkole, atafuna kuchita apilo anachotsedwa ntchito, apiloyo inabwezedwa, ndipo gululo linathetsedwa chaka chomwecho. Mu 2010 High Court ya ku Lusaka inakana kulembetsa chigamulo cha ku London, kutanthauza kuti sichikanagwiritsidwa ntchito kulanda katundu m'Zambia. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inachotsa m'lamulo la katangale ndime yokhudza kugwiritsa ntchito udindo molakwika. Zonsezi zinachitika a Kunda, amene ofesi yawo inasuma mlandu wa ku London uja, ali nduna ya zachilungamo.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Task Force sinakhazikitsidwe ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo. Inaima pa chifuniro cha pulezidenti, ndipo mbali ya ndalama zake inkachokera kwa maiko othandiza. Inali ngati nkhokwe yoimikidwa pa mtengo umodzi: mtengowo utagwa, chimanga chonse chinamwazika. A Mwanawasa anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi ndi theka zoti alimbitse ofesi ya woimira boma pamilandu ndi bungwe la Anti-Corruption Commission kuti zisamadalire amene ali ku State House, ndiponso zoti achepetse mphamvu za pulezidenti m'malamulo aakulu. Loya waluso ngati iwo ankadziwa kusiyana kwa lonjezo la pakamwa ndi pangano lolembedwa, ndipo pano m'pamene ndimawadandaula kwambiri.

Njira imene anatsegula mu Julayi 2002 yokha ndiyo inatsala. Boma la a Sata, amene anadzalowa m'malo mwa a Banda, linabwezeretsa ndime ija mu 2012, ndipo mu Malichi 2013 Nyumba ya Malamulo inachotsa chitetezo cha a Rupiah Banda pa nkhani ya mgwirizano wogula mafuta ku Nigeria. Woimira boma pamilandu panthawiyo anali a Mutembo Nchito. Khoti linapeza a Banda osalakwa mu Juni 2015, pamene dziko linali m'manja mwa a Edgar Lungu, loya winanso amene anadutsa mu unduna wa zam'dziko, wa zachitetezo ndi wa zachilungamo asanakhale pulezidenti.